Mawu Asawoloke Mlatho

4 Malichi

Mlongo wanga,

Undikhululukire kalembedwe kanga. Ukudziwa kuti sukulu ndinailekera panjira. Pomwe zilembo zakwerana ungoganizira chomwe ndimafuna kunena. Kaya muli bwanji kumeneko ndi mlamu wanga ndi ana? Kuno sitili bwino.

Bambo asowa. Anachoka sabata yatha m'mawa, ine ndili kumsika kukagula ulusi. Ndinawasiya pakhonde, pa mpando wawo pafupi ndi makina, akusokerera mabatani pa malaya a mwana wasukulu. Pobwera ndinapeza malaya ali pa mpando, singano ili chibayire pa kolala, eni ake kulibe. Jekete analisiya pa msomali. Atenga kawailesi kawo kokha.

Ukudziwa mmene mutu wawo wakhalira chimwalirire amayi. Tsiku lina amanditchula dzina la amayi, tsiku lina amandifunsa ngati ndabwera kudzayezetsa diresi. Ndafika kupolisi, ndafika kuchipatala, ngakhale kumochale kosungira mitembo ndinalowa. Konseko kulibe.

Usadabwe kuti ndalemba kalata. Foni yanga anaidula. Nambala ija inalembetsedwa m'dzina la bambo, ndiye ndi lamulo lanu latsopanoli akuti mwini nambala abwere yekha ndi chitupa chake. Ndinawauza kuti mwini wakeyo ndi amene ndikufunafuna. Mtsikana wa pawindo anati, "Mukawapeza mubwere nawo." Ndakuyimbirapo pa foni ya kugolosale koma nambala zachilendo suyankha. Choncho ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa.

Chomwe chikundilimbitsa mtima ndi wailesi yathu yapaphiri. A Chifuwa, aja amayamba atsokomola asanawerenge uthenga uliwonse, akulengeza za bambo m'mawa ndi madzulo osandilipiritsa. Akuti bambo ndiwo anawasokera suti ya ukwati, ndipo mpaka lero thalauza lake silinang'ambike, langochepa m'chiuno. Kawailesi ka bambo kamagwira wailesi imeneyi yokha. Paja tinamata chotchunira ndi guluu chifukwa ankangochipotoza n'kumalira kuti anthu awo athawa. Ife ana awo amatiiwala, koma a Chifuwa akangotsokomola amati, "Khalani chete, mnzanga akulankhula." Ndiye ndikudziwa kuti kulikonse komwe ali, akumvera.

Koma nanga mabatire akatha? Nanga akagwera m'ngalande? Mvula ija inagwa Lachisanu inawapeza pati? Ndikayamba kuganiza zimenezi ndimasoka mkono wa malaya chozondoka.

Ngati uli ndi kangachepe unditumizire nditsukitse zithunzi zoti ndimate m'misika. Koma kuposa ndalama ndikufuna iweyo. Umagwira ntchito ku bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni, anthu angakumvere kuposa ine.

Ndine mlongo wako.

11 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira. Ife tili bwino, wamng'ono yekha ndiye ali ndi chimfine. Ndinaiwerenga nditaima pa depoti pomwepo, ndipo ndinakhalitsa ndisanakumbuke njira ya kuntchito.

Ndapatsira kondakitala ndalama pang'ono ndi chithunzi cha bambo chomwe chinali pakhoma kunyumba kuno. Ndi chakale, tsitsi lisanachite imvi, koma makutu ndi omwewo, munthu sangawaphonye.

Za foni sindingathandize. Imeneyo ndi nthambi ina, ine ndili kwa oyeza mphamvu za mawailesi, ndipo a nthambi imeneyo ngakhale moni sayankha. Tchuthi andikaniza. Koma kumapeto kwa mwezi ndibwera kumeneko ndi galimoto ya kuntchito. Zambiri sindingalembe pano.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Auzeni a Chifuwa alengeze kambirimbiri mwezi uno, asadikire. Mwezi uno, achemwali. Mundiuzenso, kodi wailesiyo masiku ano ikumveka mpaka pati? Kutsidya kwa mlatho wa pamalire anthu akuimva?

Musamapite nokha kumochale, muzitenga munthu. Ndipo muzidya, ndimakudziwani.

Mlongo wanu.

19 Malichi

Mlongo wanga,

Moni nonse. Wamng'onoyo wapeza bwanji? Musamusambitse madzi ozizira. Ndalama ndi chithunzi zafika, zikomo.

Bambo aoneka, koma sindinawapeze. Mayi wina wogulitsa tomato, amene amakhala kutsidya kwa malire, anamva chilengezo n'kubwera yekha mpaka kuwailesi. Akuti anaona mkulu wa kawailesi pa msika wa kwawo, atakhala pafupi ndi matela, akuwadzudzula kuti akukhotetsa msoko. Ndinawoloka tsiku lomwelo ndi chiphaso cha tsiku limodzi. Tela wina anandiuza kuti, "Madala aja ndi anu? Atiphunzitsa kuika zipi, atitukwananso pang'ono. Kenako anati pano mnzawo sakumveka bwino, akupita kumtunda." Anawapatsa tiyi n'kuwagulira mabatire, Mulungu amudalitse. Ndinayenda kumtundako mpaka mapazi kutupa, koma chiphaso chimafuna kuti chipata chisanatsekedwe ukhale utabwerera.

Ndazindikira kuti bambo amatsata mawu. Wailesi ikayamba kusokosa, amanyamuka kukafuna pomwe ikumveka bwino. A Chifuwa ati ngati ndi choncho mawuwo adzawakokera kuno pang'onopang'ono, chifukwa ukamayandikira phiri lathu m'pamene imamveka bwino kwambiri. Tsopano salengeza chabe, amalankhula nawo. Amati, "A Tela, mwadzuka bwanji? Thalauza landithina, mubwere mudzalikulitse. Tsatani msewu wa kumlatho." Ndimaseka uku misozi ikutsika.

Wafunsa komwe wailesi ikufika. Ikufika kutali, mlongo wanga, unganyade nayo. A Chifuwa apempha onse akutsidya amene akutimva kuti aziyimba foni n'kutchula komwe ali, kuti tidziwe koyang'ana. Ayimba ambiri, a kumsika waukulu, a kokwerera sitima, mpaka a ku fakitale ya simenti kutali kuja. Pulogalamuyo aitcha Moni Kutsidya. Dzulo anandilowetsa m'chipinda cholankhuliramo, chija anamata mathireyi a mazira m'makoma, n'kundikhazika kutsogolo kwa maikolofoni. Ndinangoti, "Ababa, ndine," mawu n'kuthera pomwepo.

Ndauza aliyense kuti ukubwera ndi galimoto ya boma kudzafuna bambo. Galimoto yotero pachipata saichedwetsa, eti? Tikhoza kuzungulira misika yonse ya kumtunda. Jekete lawo ndachapa. Koma ndikuopa, nanga akakana kukwera? Nanga akakuiwala nkhope n'kukuwa kuti ukuwaba? Ubwere utavala shati ija anakusokera, msoko wawo sangauiwale.

Mlongo wako.

24 Malichi

Achemwali,

Moni. Mwana wachira. Kalata yanu yandiopsa. Ndikanalemba zomveka poyamba pomwe, koma ndinkaopa kuti kalata ingatsegulidwe panjira. Mukangowerenga iyi thamangirani kwa a Chifuwa, asiye pulogalamu ya Moni Kutsidya lero lomwe.

Nkhani ili chonchi. Dziko lathu ndi laling'ono ngati mpango, mlongoti uliwonse umene tingaimike mawu ake amatayikira kwa anzathu. Akutsidya atsegula wailesi yawo yatsopano pamalo omwewo a pa chotchunira pomwe yathu yapaphiri imamvekera, ndipo adandaula kuti tikuwasokoneza. Yathu ndiyo inayamba, koma zimenezo palibe akuzifunsa. Magetsi athu amachokera kwawo, mafuta amadzera kwawo, ndiye iwo akalemba kalata mabwana athu amaiwerenga ataimirira.

Ulendo wanga unali wodzayeza chabe, ndipo lipoti lake ndikanaligoneka m'kabati mpaka bambo atapezeka. Tsopano kuyeza sikukufunikanso. Akutsidya ajambula pulogalamu ya a Chifuwa, anthu akutchula okha komwe ali, mpaka fakitale ya simenti, n'kutitumizira ngati umboni. Tinaimvera mu ofesi. Mawu anu ndinawamva, bwana ali pambali panga. Sindinanene kuti ndinu ndani.

Galimoto ikubwerayo si yodzafuna bambo. Tikubwera kudzachepetsa mphamvu ya wailesi kuti mawu ake asawoloke mlatho. Musadzandidikire pamsewu, ndipo musadzandilankhule pamaso pa bwana. Kunyumba ndidzabwera padera ndikapeza mpata.

Mlongo wanu.

5 Epulo

Mlongo wanga,

Ndikukupatsa moni chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero. Kalata yako ya pa 24 yafika dzana. Kondakitala anagonekedwa kuchipatala, kalata ili m'thumba la yunifolomu yake. Ikanafika nthawi yake sindikanadzichititsa manyazi chotere.

Iwe unali m'galimoto, ndiye ndikuuze mmene zinaonekera kwa ife a pamsewu. A kugolosale anapereka buledi woti tikawapatse bambo. Mayi wa tomato anasiya malonda ake kutsidya kudzatilondolera njira. Matela anzanga anaimika makina. Galimoto itatulukira ndinathamanga jekete lili m'manja, anthu akuti, "Uyo wafika mwana wa a Tela." Unatsitsa galasi n'kunena kuti, "Mayi, tapatukani, tili pa ntchito." Bwana wako anafunsa ngati ukundidziwa. Unati, "Ndi anthu a kuno." Ine amene ndinkakubereka kumbuyo popita kusikelo.

Ngakhale pamenepo mutu wanga sunagwire. Galimoto itakhotera kuphiri m'malo mwa kumlatho, ndinauza anthu kuti mukukatenga a Chifuwa. Ndinakwera phiri wapansi. Ndinakupeza utagwada m'kachipinda ka pansi pa mlongoti, utatsegula chibokosi cha makina, a Chifuwa ataima pakhomo thukuta lili kamukamu. Anati, "Bwana, tipatseniko mwezi umodzi, pali munthu akubwerera kwawo ndi mawu amenewa." Bwana wako anati, "Wailesi si chingwe chokokera mbuzi, bambo. Laisensi yanu mukuifunabe kapena ayi?" Kenako unatseka chibokosi, n'kumanga kawaya, n'kudinda. Sunatembenuke. Shati ija unavala, ndinaiona kolala yake pansi pa ovololo. Sindikudziwa kuti unaivaliranji.

M'mawa mwake ndinabwereka wailesi n'kupita nayo kumlatho. Tsidya lino a Chifuwa amamveka ngati akulankhulira m'chidebe. Pakati pa mlatho ndi phokoso lokhalokha, ngati mafuta pa moto. Nditaponda kutsidya kunabwera nyimbo, kenako mwamuna wolankhula chilankhulo cha boma la kumeneko, chomwe bambo sanachiphunzirepo. Zimenezo ndi zomwe akumva tsopano. Kutchuna sangathe, chotchunira tinamata tokha, iwe utagwira ine ndikuthira guluu.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Munthu amene amatsata pomwe wailesi ikumveka bwino, tsopano alowera kuti? Si kumlongoti wa eni akewo? Iwe umadziwa za milongoti. Undiuze uli mbali iti, ngakhale zina zonse usandiyankhe.

A Chifuwa akupatsabe bambo moni m'mawa uliwonse. Ndinawauza kuti asadzivute, mawu akuthera pa mlatho. Anati, "Ndikasiya, pakamwapa ndipatani?"

Mlongo wako, ngati ukundidziwa.

21 Epulo

Alamu,

Ndalemba ndine, mkazi wa mlongo wanu, chifukwa iye wayamba makalata angapo n'kuwang'amba, mpaka kope la mwana latha. Ana ali bwino, akufunsa za agogo awo. Inu mukupeza bwanji mapaziwo?

Sindikumuikira kumbuyo pa zomwe anakuyankhani pamsewu. Ndinamuuza kuti ndikanakhala ine ndikanamukwapula ndi jeketelo bwana akuona. Koma mudziweko izi. Ntchito yake ndi ya pangano la chaka chimodzi. Mnzake amene anakana ulendo wotere chaka chatha, lero akugulitsa matchaja a foni pa depoti.

Atabwerako sanadye. Mawa lake analembera bwana wamkulu, n'kuulula kuti wosowayo ndi bambo ake, n'kupempha kuti mphamvu ibwezeredwe pa pulogalamu ya m'mawa yokha. Anamuyankha kuti zimenezo angagamule ndi a komiti okha. Komitiyo nthawi yake inatha, ndipo yatsopano sinasankhidwe. Anamudzudzulanso kuti anabisiranji zoti ali ndi m'bale m'nkhaniyi. Tsopano samutumanso kunja, amupatsa ntchito yopinda zingwe m'chipinda chosungira katundu.

Loweruka lapitali anawoloka yekha mpaka ku wailesi ya akutsidyayo kuti akalipire chilengezo. Anamuuza kuti amalengeza m'chilankhulo cha boma chokha, ndipo pamafunika kalata ya apolisi a kwawo. Apolisiwo anati munthu wolowa wopanda chiphaso akamupeza amayamba amutsekera, mafunso pambuyo. Anachita mantha kusiya chithunzi china cha bambo chomwe anatenga, anabwera nacho.

Za mlongoti wa akutsidya akuti ndikuuzeni kuti uli mkati mwenimweni mwa dziko lawo, kupitirira fakitale ya simenti, mbali yomwe njanji imalowera.

M'kaphukusika muli kasipika konga kaja amalengezera malonda ogulitsa mankhwala a makoswe. A Chifuwa ajambulemo mawu awo, muzikaliza m'misika ya kutsidya. Ndi nzeru za mlongo wanu, koma akuti ndinene kuti ndi zanga, poopa kuti mungakatayire kudzala. Mutilembere, alamu, ngakhale kutikalipira.

Mlamu wanu.

16 Juni

Mlongo wanga ndi mlamu,

Pepani kuti ndakhala chete nthawi yonseyi. Ndinkadikira kuti ndikhale ndi chabwino cholemba. Ana muwapatse moni, muziwafunditsa, kunja kwazizira.

Kasipika sindinakataye. A Chifuwa anajambulamo zonse, kutsokomola komwe. Loweruka lililonse ndimawoloka n'kumayenda nako m'misika. Ana amanditsatira akutsokomola, amayi a pamsika anditcha Mayi Thalauza Landithina. Sindidandaula, bola akumva. Koma mwezi watha apolisi a kumeneko anandilanda, akuti kuulutsa mawu pagulu kumafuna chilolezo. Mayi wa tomato anawagwadira mpaka anandibwezera, n'kundichenjeza kuti akadzakamvanso adzakaphwanya. Tsopano ndimakabisa m'nsalu, n'kumakaliza motsitsa pafupi ndi makonde omwe mumagona okalamba. Munthu ayenera kukhala pafupi ngati wondipempha moto kuti amve.

Kuwailesi zinthu zaipa. Masitolo ambiri omwe ankalipira malonda anali a kutsidya, ndiye poona kuti makasitomala awo sakumva, achoka. Tsopano amatsegula m'mawa mokha. A Chifuwa sanalandire malipiro chichokere iwe, aonda moti thalauza lija akuti likuwakwana. Mwini nyumba wati mwezi ukatha achotse mathireyi awo a mazira, akufuna kuikamo wometa tsitsi.

Sabata yatha woyendetsa lole wina anandiuza kuti pa chipata cha fakitale ya simenti pamakhala mkulu wosoka matumba ong'ambika, anthu n'kumamupatsa chakudya. Ndinafunsa ngati ali ndi kawailesi. Anati ayi, alibe kanthu m'manja koma singano. Ndinapitabe, ndinagona kwa mayi wa tomato chiphaso chitatha. Pa fakitale ndinapeza mkuluyo atachoka. Mlonda anati mkuluyo salankhula ndi munthu, amafunda thumba la simenti, ndipo analowera cha kunjanji. Ndinamuonetsa chithunzi, anati uyu ndi mnyamata. Ndinamufunsa za makutu, anandiseka. Ndinapempha thumba limodzi lomwe anasoka, koma onse anali atapakira kale.

Ndiye sindikudziwa ngati anali iwo. Ngati anali iwo, ndiye kuti kawailesi anakataya kapena anawalanda, ndipo ine sindikudziwanso chowafotokozera anthu. Mkulu woonda, wa imvi, wosalankhula. Otere ndawaona ambiri m'makondemo, ena ndawasiyira buledi.

Ntchito yaima. Anthu akubwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka, ndipo sindiwaletsa. Chipinda cha bambo ndimasesa, koma zenera ndimaopa kutseka, kaya chifukwa chiyani.

Mlongo wanga, sindikukukwiyira ngati kale, mphamvu yake ndilibe. Unati udzabwera padera ukapeza mpata. Ubwere, ngakhale wopanda ndalama, ngakhale wopanda cholankhula. Misika ya kunjanji ndi yambiri, munthu mmodzi sangaimalize. Undiuzenso ngati komiti ija yasankhidwa, ngakhale ndikuona kuti ikadzakhala pansi wailesi idzakhala itatsekedwa kale.

Zomwe zilipo ndi izi. Bambo sanapezeke, ndipo palibe wandiuza kuti ali moyo kapena ayi. Mabwana ako sanabwezere mphamvu ya wailesi. Loweruka ndiwolokanso, koma sindikudziwa msika woti ndikayambire.

Ndine mlongo wako.